Okonda kulira kwa injini ku Kasungu asiye kudula sailensa, aphunzire kupanga galimoto

M'tauni ya Kasungu muli kagulu ka anthu, ambiri mwa iwo achinyamata, amene galimoto ikamabwera pamsewu wa M1 sayamba ndi kuicheukira koma amayamba ndi kutchera khutu, ndipo isanaonekere n'komwe amakhala atanena kale kuti ikubwerayo ndi Subaru, kapena Altezza, kapena Mark X. Anthu amenewa amakumana m'magalaja, pamalo otsukira galimoto ndi m'magulu a pa WhatsApp, ndipo nkhani zawo zikuluzikulu ndi ziwiri: kaliridwe ka injini, ndi maloto oti tsiku lina adzadzipangire okha galimoto yothamanga yofanana ndi zija zotchuka za kunja. Anthu ambiri amawaona ngati osokosa ndi osakaza ndalama. Ine ndikuona kuti chidwi chawocho n'chabwino ndipo chili ndi nzeru m'kati mwake, koma pakali pano chikuthera pamalo olakwika, chifukwa chikuthera pa kudula sailensa ndi kumata zizindikiro za makampani a eni, pamene chikanatha kutibalira amisiri odziwa kuyeza, kuwotcherera ndi kupanga chinthu choyenda bwino.

Tiyambe ndi kulira kwa injiniko, chifukwa amene sanakuganizirepo amakuyesa phokoso wamba pamene kuli ndi masamu ake. M'galimoto zomwe timakwera tsiku ndi tsiku, silinda iliyonse imaphulitsa mafuta kamodzi pa maulendo awiri alionse amene kirankishafuti, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini, yazungulira, ndipo kuphulika kulikonse kumakankhira mpweya wotentha mu ekizozi. Injini ya masilinda anayi, monga ya Sienta, ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi imaphulika ka 100 pa sekondi. Ya masilinda atatu, yomwe imapezeka mu Passo ndi Vitz zambiri, imaphulika ka 75, ya masilinda 6 imaphulika ka 150, ya V8 (masilinda 8 oikidwa mbali ziwiri ngati chilembo cha V) ka 200, pamene ya V12 imafika ka 300. Kuphulikako kukamathithikana liwu limakwera n'kumveka lakuthwa ndi losalala, ndipo kukamatalikirana limatsika n'kumveka lokhakhala. N'chifukwa chake Passo, ngakhale mutaichita chotani, singalire ngati Ferrari, pakuti kaliridwe kamabadwira m'kati mwa injini ndipo ntchito ya ekizozi ndi kungokasefa.

Komabe chiwerengero cha masilinda si chokhacho. Chimene chimawakoka mtima kwambiri okonda galimoto ndi mipata ya pakati pa kuphulika kumodzi ndi kunzake, ndipo apa ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa, popeza munthu wokulira pafupi ndi bwalo la gule amadziwa kuti mbalule ndi mpanje sizisiyana pa kukweza kokha koma pa kamenyedwe, ndipo woimba ng'oma waluso amamuzindikira ali kutsidya kwa dambo. Injini za V8 za ku America, monga zomwe zinkaikidwa m'galimoto yothamanga yotchuka ya Cobra, zili ndi kirankishafuti yopangidwa mwakuti mbali iliyonse ya injini imatulutsa mpweya pa mipata yosafanana, ndipo m'menemo ndi momwe mumachokera kugunda kwake kozama ndi kodukizadukiza. Ferrari nayo imapanga V8, koma kirankishafuti yake ndi yafulati, mbali iliyonse imaphulika pa mipata yofanana, choncho imalira mokweza ndi mosadukiza ngakhale masilinda ali 8 omwewo. Subaru zakale zimadziwika ndi kugunda kwake chifukwa mapaipi ochokera ku masilinda ake ndi otalika mosiyana, kotero mpweya umafika pokumanira pa nthawi zosiyana. Audi ya masilinda asanu imawotcha motsatana 1-2-4-5-3, ndipo amene anaimvapo kamodzi saisokoneza ndi ina.

Amisiri a m'makampani akuluakulu nkhaniyi amaidziwa ndipo amaigwirira ntchito mozama. Ford GT40, yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France, zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1966 mpaka 1969, inali ndi V8 ya mtundu womwewo wa Cobra, koma mapaipi a ekizozi yake anapindidwa n'kulukanalukana kuti ena awolokere mbali inzake, cholinga chili choti mpweya uzifika pokumanira pa mipata yofanana ndi kumakokana potuluka. Zotsatira zake zinali mphamvu yoonjezereka ndi liwu losiyana ndi la Cobra. Kampani ya Toyota, popanga Lexus LFA yomwe inatuluka 500 zokha pakati pa 2010 ndi 2012, inagwira ntchito ndi akatswiri a Yamaha kuti V10 yake imveke bwino kwa woyendetsa. M'chaka cha 2014, mipikisano ya Formula One itasiya injini za V8 n'kutenga za V6 zokhala ndi turbo, chipangizo chozunguzidwa ndi mpweya wa mu ekizozi kuti chikankhire mpweya wambiri mu injini, oonerera ambiri anadandaula kuti liwu lachepa, chifukwa turbo imameza gawo la mphamvu ya mpweya wotuluka. Harley-Davidson inayesapo mu 1994 kulembetsa kaliridwe ka njinga zake zamoto kuti kakhale chizindikiro cha kampani, n'kudzasiya mu 2000 makampani anzake atatsutsa. Masiku ano makampani ena, monga BMW, afika poika liwu la injini m'masipika a m'kati mwa galimoto, chinthu chimene ine sindigwirizana nacho, ngakhale chikuonetsa kuti ogula amalifunadi liwulo.

Tsono tiyerekeze zonsezi ndi zomwe zimachitika kwathu kuno. Mnyamata akapeza ndalama, makamaka malonda a fodya akafika pachimake ku Chinkhoma ndalama n'kuyamba kuyenda m'tauni, amapita ndi galimoto yake kwa wowotcherera, amadulitsa sailensa, amaikitsapo paipi yaikulu kukamwa, ndipo amatuluka pagalajapo akukhulupirira kuti galimoto yake yasanduka yampikisano. Chimene chachitika n'chakuti sefa yachotsedwa basi. Mipata ya kuphulika ndi yomwe ija, masilinda ndi omwe aja, ndipo pa injini yaing'ono ya masiku onse mphamvu yoonjezereka imakhala yochepa kwambiri kapena sipakhala konse. Paipi ikakula mopitirira muyezo, mpweya umataya liwiro lake injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo galimoto imatha kufooka ponyamuka. Ena amafika pochotsa kachipangizo kosefa utsi kotchedwa catalytic converter, komwe kamakhala ndi zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, palladium ndi rhodium, n'kukagulitsa, osaganizira kuti utsi wapoizoniwo aupuma ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi ana opita kusukulu. Komanso polumikizira pakatsala kabowo, mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo, umatha kulowa m'galimoto momwemo n'kumuwodzeretsa woyendetsa ali pachiwongolero.

Za makutu nazo si zongoopseza. Akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti munthu wokhala maola 8 patsiku m'phokoso lopitirira madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) amayamba kuwonongeka makutu, ndipo madesibelo atatu alionse oonjezera amatanthauza kuti mphamvu ya phokosolo yawirikiza kawiri, kotero nthawi yomwe khutu lingapirire imatsika ndi theka. Khutu likawonongeka motero silichira. Izi ziyenera kuwadetsa nkhawa okonda injini kuposa wina aliyense, chifukwa khutu ndicho chida chawo choyamba. Amakaniko akuluakulu a m'magalaja athu amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro n'kuika pakhutu, ndipo amakuuzani ngati akugogoda ndi mabering'i, ngati matapeti atalikira, kapena ngati pulagi imodzi siikuwotcha, zonsezi asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Mnyamata wotha kusiyanitsa Subaru ndi Altezza ali kuseri kwa nyumba ali nayo kale mbewu ya luso limeneli, ndipo zimandimvetsa chisoni kuiona ikuthera pa kudzutsa odwala ndi makanda pakati pa usiku, ndi kudanitsa aliyense wokonda galimoto ndi anthu oyandikana nawo.

Nkhani yachiwiri, yodzipangira galimoto, ndiyo imene ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti siinayambe ngati masewera a anthu olemera. Colin Chapman wa ku Britain anatulutsa Lotus Seven m'chaka cha 1957. Inali galimoto ya mipando iwiri, yopanda zitseko zenizeni kapena denga lokhazikika, yokhala ndi felemu ya timapaipi tachitsulo towotchereredwa m'makona atatuatatu n'kukutidwa ndi malata opepuka a aluminiyamu, ndipo injini yake yoyamba inali ya Ford wamba ya ma cc 1,172, yaing'ono kuposa ya Sienta. Ambiri ankaigula ili zidutswazidutswa n'kukailumikiza okha kunyumba, chifukwa malamulo a ku Britain a nthawiyo sankalipiritsa msonkho wogulira pa galimoto yogulidwa motero. Mu 1973 Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi ku kampani ya Caterham, yomwe ikuipangabe mpaka lero. Chinsinsi chake sichinali injini yaikulu koma kupepuka, pakuti imalemera pafupifupi makilogalamu 500, lomwe ndi theka la kulemera kwa Vitz, ndipo galimoto yopepuka imanyamuka msanga, imaima msanga, imakhota bwino komanso simwa mafuta ambiri.

Cobra ili ndi mbiri ina. Mu 1962 Carroll Shelby wa ku America anatenga thupi la kagalimoto ka ku Britain kotchedwa AC Ace n'kuikamo V8 ya Ford, ndipo pofika 1965 injiniyo inali itakula kufika malita 7. Zenizeni zinapangidwa pafupifupi 1,000 zokha, ndipo yoyambirira yeniyeniyo inagulitsidwa mu 2016 pa madola 13.75 miliyoni. Popeza palibe munthu wamba angafikire mtengo wotero, zotsanzira zake zachuluka kwambiri kuposa zenizeni. Chimene achinyamata athu ambiri sanachimvetsetse n'chakuti zina mwa zotsanzira zolemekezeka kwambiri padziko lonse zimapangidwa m'chigawo chathu chomwechino cha Africa. Ma Cobra a Superformance, omwe amagulitsidwa ku America, amapangidwa ndi kampani ya Hi-Tech Automotive ku Gqeberha, mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth. Backdraft Racing imapanga ma Cobra ake m'dera la Durban, Birkin inayamba kupanga zofanana ndi Lotus Seven m'dera lomwelo m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Cape Town kumapangidwa zotsanzira za GT40. Izi ndi ntchito zenizeni zolemba anthu owotcherera, oumba matupi a galimoto ndi pulasitiki wolimba wotchedwa fibreglass, osoka mipando ndi opaka penti, ndipo zimabweretsa ndalama zakunja.

Apa ndiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kutsanzira, chifukwa m'makambirano a achinyamata imasakanizidwa. Mtundu woyamba ndi wotenga galimoto yomwe ilipo kale, monga Toyota MR2 kapena Pontiac Fiero ya ku America, n'kuiveka thupi la fibreglass looneka ngati Ferrari kapena Lamborghini, kenako n'kumata chizindikiro cha kampaniyo kutsogolo. Umenewu sindiulimbikitsa m'pang'ono pomwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo galimoto yotere imakhala yolemera kuposa momwe inalili, mabuleki ali omwe aja, ndipo ikangolira aliyense wodziwa amamva kuti m'katimo muli masilinda anayi kapena 6. Mwini wake sanaphunzirepo kanthu za momwe galimoto imagwirira msewu. Kuonjezera apo chizindikiro cha kampani ndi katundu wa eni, ndipo Ferrari imadziwika ndi kutengera kukhoti anthu opanga ndi kugulitsa zotsanzira zake. Ngakhale Caterham inasumirapo kampani ya Westfield kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mpaka Westfield inasintha maonekedwe a galimoto zake. Munthu amene wathera miyezi yambiri akupanga chinthu ndi manja ake alibe chifukwa chobisira ntchito yakeyo kuseri kwa dzina la munthu wina. Aikepo dzina lake, kapena la mudzi wa kwawo.

Mtundu wachiwiri ndi wotsanzira nzeru ya kapangidwe, osati nkhope yokha. Mu 1996 Ron Champion wa ku Britain anatulutsa buku lofotokoza momwe munthu angadulire timapaipi tachitsulo ndi kuwotcherera yekha felemu ya mtundu wa Seven, n'kutenga injini, giyabokosi, difu ndi mabuleki ku Ford Escort yakutha. Iye ankati zingatheke ndi mapaundi 250, ndipo ngakhale ambiri amene anayesa anawononga zoposa pamenepo, galimoto zotere, zomwe zimatchedwa Locost, zapangidwa m'maiko ambiri ndi anthu wamba m'makonde a nyumba zawo. Wopanga galimoto yotere amakakamizika kuphunzira chifukwa chimene felemu ya makona atatu siipindika pamene ya makona anayi imapindika, amaphunzira kapendekedwe ka matayala akutsogolo, kagawidwe ka mphamvu ya mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, kayendedwe ka mawaya amagetsi ndi malo oyenera thanki ya mafuta. Ndipo pamapeto pake amafika pa chinthu chimene ankachifuna poyamba chija, chifukwa ayenera kudzipangira yekha mapaipi a ekizozi, kuwerengera kutalika kwake ndi kukula kwake, ndi kusankha sailensa yopereka liwu labwino popanda kuboola makutu.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za Azungu okhala ndi zipangizo, koma Kasungu ali nacho kale chiyambi chake. Mwana wa kuno amayamba kupinda galimoto ya mawaya asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo ena amaiikira chiwongolero chokhotetsadi matayala. Ngolo zomwe zimanyamula fodya ndi chimanga ku Chamama, ku Santhe ndi ku Nkhamenya zimapangidwa ndi amisiri athu omwewa, ndipo zambiri zimayenda pa ekiselo ndi matayala a galimoto zakutha, zomwe zikutanthauza kuti kutenga ziwalo za galimoto yakufa n'kuzipatsa ntchito yatsopano si chachilendo kwa ife. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, atalephera kupitiriza sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Anthu ankamuyesa wamisala mpaka babu litayaka. Boma lomwe linabala mwana wotere siliyenera kuseka mnyamata wofuna kupanga galimoto.

Chimene chikusowa ndi mwambo wa kuyeza, ndipo apa sindifuna kuwanyengerera amisiri athu, ngakhale ndimawalemekeza. Felemu ya chitseko ikakhota ndi mamilimita asanu mumaimenya ndi hamala n'kulowa, ndipo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe imakhululukira zolakwika zambiri chifukwa imayenda pang'onopang'ono. Felemu ya galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola sikhululuka. Imafuna tebulo losalala loyezerapo pomwe chitsulo chilichonse chimamangidwa chisanawotchereredwe, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo n'kuchikhotetsa. Imafuna chitsulo chodziwika makulidwe ake ndi mtundu wake, osati paipi iliyonse yotoledwa pamsika. Imafuna kuwotcherera kolowa mpaka m'kati, osati kongomata pamwamba, komanso mabawuti olimba a nambala yoyenera m'malo ogwira matayala, chiwongolero ndi malamba. Magetsi akamazimazima kapena kufooka, wowotcherera ayenera kukhala ndi mtima wodikira m'malo mokakamiza ntchito. Zonsezi n'zotheka kuphunzira, ndipo mmisiri amene waziphunzira sabwereranso ku ntchito yongoyerekeza ndi maso.

Pa nkhani ya galimoto yochotsako ziwalo, okonda zimenezi ayenera kuganiza mofatsa. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo ndi Sienta, zimakoka ndi matayala akutsogolo, pamene kapangidwe ka Seven kamafuna injini yoima chautali yokankha matayala akumbuyo. Zoyenera zilipo ndithu. Altezza, yomwe inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, imakankha ndi akumbuyo, ndipo ina ili ndi injini ya masilinda anayi ya 3S-GE yomwe Yamaha inathandiza kukonza, pamene ina ili ndi ya masilinda 6 ondandalika ya 1G-FE, yomwe kulira kwake n'kosalala mokoma. Kabaki ka Nissan 1400, komwe kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, n'kosavuta kumvetsa ndipo makaniko aliyense amakadziwa. Ndikudziwa kuti mtima wa ambiri uli pa V8 ya Lexus ya malita anayi yotchedwa 1UZ, yomwe anzathu a ku South Africa amakonda kuika m'galimoto zosiyanasiyana, koma langizo langa n'lakuti galimoto yoyamba isakhale ya V8. Mphamvu yotero, m'galimoto yopepuka ndi yaifupi yopangidwa ndi munthu amene akuphunzira kumene, imaposa nzeru za woyendetsa ndi kulimba kwa felemu.

Komanso tisatsanzire mwakhungu. Seven ndi Cobra zinapangidwira misewu yosalala, ndipo mimba yake imatalikira pansi ndi masentimita 10 mpaka 15 okha, kotero hampu imodzi ya pamalo ochitira malonda kapena msewu wafumbi wa nthawi ya dzinja ungathe kung'amba pansi pa injini. Chitsanzo choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi cha Bruce Meyers wa ku California, amene mu 1964 anapanga Meyers Manx pogwiritsa ntchito ziwalo za Volkswagen Beetle ndi thupi lopepuka la fibreglass, n'cholinga choyenda mumchenga, ndipo galimoto ya mtunduwo inapambana mpikisano woyamba wa m'chipululu cha Baja ku Mexico mu 1967. Iye anayang'ana nthaka ya kwawo n'kupanga choyenera nthakayo. Galimoto yothamanga ya ku Kasungu iyenera kukhala yokwera pang'ono, ya mashoko oyenda mtunda wautali, ya sefa yabwino ya mpweya chifukwa cha fumbi la mwezi wa Okutobala, ndipo ziwalo zake zikhale zopezeka m'mashopu a m'tauni momwe muno kapena ku Lilongwe.

Pali zotsutsa ziwiri zikuluzikulu zomwe sindingazinyalanyaze. Munthu angafunse kuti, m'dziko lomwe alimi akulira mtengo wa feteleza, momwe takhala tikugona pamizere ya mafuta, ndiponso momwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kodi n'koyenera kulemba za galimoto ya mipando iwiri yosatha kunyamula ngakhale thumba la chimanga? Funsoli n'lachilungamo, ndipo mbali ina ndikugwirizana nalo. Kuitanitsa zidutswa zonse za galimoto kuchokera ku Durban kapena ku Britain, kulipira ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa, n'kudzalipiranso msonkho ku MRA, ndi chinthu chomwe sindingalimbikitse munthu wa kuno, ndipo bambo wotenga ndalama ya fizi ya ana n'kugulira mashoko walakwira banja lake. Koma njira yomwe ndikunenayi imadalira zitsulo zomwe zili kale m'dziko muno, zomwe zambiri zikungochita dzimbiri kuseri kwa magalaja kapena kugulitsidwa pa kilo. Ndipo phindu lake lenileni si galimotoyo. Mmisiri wodziwa kupanga felemu yowongoka ndi yopepuka ndi yemweyo amene adzapange ngolo yosalemetsa ng'ombe, kalavani yabwino ya njinga yonyamulira odwala, choimikapo pampu ya mthirira ndi makina osendera mtedza. Achinyamata saphunzira masamu a makona chifukwa choti wina wawauza kuti n'ngofunika, koma amawaphunzira usiku wonse akakhala kuti akufuna kuti chinthu chomwe amachikonda chiyende.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha ngozi, ndipo ichi n'cholemera kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake. Pamsewu wa M1 timayendapo limodzi ndi akabaza, oyenda pansi, ngolo ndi ana, ndipo kukonzedwa kwa msewuwu kukuchititsa oyendetsa ena kuponda kwambiri. Galimoto yodzipangira ilibe zotchinjiriza zambiri zomwe zili m'galimoto za kufakitale. Yankho lake si kuletsa, chifukwa choletsedwa chimangopita kumdima, koma kuyeza mokhwima. Ku Britain galimoto yotere silembetsedwa isanapambane mayeso otchedwa IVA, omwe analowa m'malo mwa akale mu 2009, ndipo oyeza amaona mabuleki, malo omangirira malamba, chiwongolero, nyali, utsi, nsonga zakuthwa zomwe zingavulaze woyenda pansi, ngakhalenso kuchuluka kwa phokoso. Kwathu kuno galimoto iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, pansi pa nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS. Pempho langa ku nthambiyi n'lakuti ifalitse m'Chichewa chomveka zonse zimene munthu wodzipangira galimoto ayenera kukwaniritsa, kuphatikizapo umboni wa komwe anagula injini ndi ziwalo zina, kuti ntchitoyi isasanduke pobisalira akuba galimoto.

Kuthamanga nako kuyenera kupatsidwa malo ake. Ku South Africa masewera ozunguliza galimoto anayambira m'misewu ya m'makomboni monga Soweto m'zaka za m'ma 1980, makamaka ndi BMW 325i, ndipo kwa nthawi yaitali ankaonedwa ngati zauchigawenga, koma pambuyo pake anavomerezedwa ngati masewera n'kuyamba kuchitikira m'mabwalo otchingidwa, oonerera ali kuseri kwa zotchinga. Khonsolo ya tauni ya Kasungu ingathe kukhala pansi ndi achinyamatawa, apolisi ndi mafumu n'kupeza bwalo kutali ndi chipatala, masukulu ndi nyumba za anthu, lomwe lingamagwiritsidwe ntchito masana pa masiku odziwika, aliyense atavala chipewa choteteza mutu ndi lamba. Amene wapatsidwa malo otero sakhalanso ndi chowiringula akapezeka akusokosa pamsika usiku, ndipo anzake omwe ndiwo ayenera kukhala oyamba kumudzudzula, popeza khalidwe lake lingawalanditse bwalolo.

Sindikuganiza kuti galimoto yoyamba ya mtunduwu iyenera kupangidwa ndi munthu mmodzi. Zingayende bwino atagwirizana makaniko wodziwa injini, wowotcherera wodekha, wamagetsi a galimoto ndi achinyamata angapo osonkha ndalama pang'onopang'ono, n'kuika ntchito yawo pansi pa diso la aphunzitsi a ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira kale maphunziro a umakaniko ndi kuwotcherera m'makoleji monga Lilongwe Technical College, ndipo galimoto yotere ingakhale ntchito yabwino yomalizira maphunziro kwa gulu la ophunzira a nthambi zosiyanasiyana. Ophunzira za uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre angathe kuthandiza kuwerengera kulimba kwa felemu pa kompyuta chitsulo chisanadulidwe. Gululo liyambe ndi injini yaing'ono ya masilinda anayi, lisunge malisiti a chiwalo chilichonse, liikepo chitsulo chotchinga mitu ngati galimoto itagubuduzika, ndipo felemuyo ionedwe ndi injiniya wovomerezeka isanapakidwe penti, chifukwa penti ikaphimba mowotchereramo ming'alu ndi timabowo sizionekanso mpaka tsiku lomwe chitsulo chidzathyoke.